Mchenga wa Apongozi

Anzake ku ntchito ankamutcha Pepani, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Munthu akamuponda phazi pamzere, wopepesa ankakhala iyeyo. Ankayendetsa tipa, lole yaikulu ija yonyamula mchenga ndi miyala imene imatukula bodi yake n'kukhuthula yokha katundu, koma pamseu ankayenda nayo ngati mseuwo wachita kubwereka kwa munthu wovuta. Wanjinga akamutukwana, iye ankakweza dzanja kumuthokoza. Mkazi wake ankati anakwatiwa ndi mwamuna wabwino, kungoti tsiku lina adzapepesa udzudzu chifukwa chouchedwetsa kudya.

Pa anthu onse amene Pepani ankawaopa, panalibe oposa apongozi ake, bambo a mkazi wake. Sikuti anali ankhanza ayi. Anali munthu wa mawu ochepa, amene anagwira ntchito kocheka matabwa mpaka makina anawadya makutu. Kuti amve zinazake, munthu ankayenera kuima patsogolo pawo n'kukuwa, ndipo Pepani anali asanakuwepo chibadwire. Choncho chitengereni mwana wawo, nkhani ya anthu awiriwa inali imodzimodzi. Akafika, apongozi ankati, "Mwafika, akamwini." Akamachoka ankati, "Mwapita, akamwini." Zapakati ankazidzaza ndi kuyang'ana mpanda. Ana anabadwa, anamera mano, anayamba sukulu, koma nkhaniyo sinakule. Pepani sankadziwa ngati akuluwo amamukonda kapena amangomupirira, ndipo zinkamupweteka kuposa mmene ankaonetsera.

Apongoziwo atayamba kumanga chipinda china kuseri kwa nyumba yawo, Pepani anaona kuti mpata wapezeka. Anapempha tipa kwa abwana ake kuti aigwiritse ntchito Loweruka m'mawa, abwana n'kuvomera. Anadzaza mchenga wabwino, wopanda dothi, ngakhale kuti unali wonyowa ndi mvula imene inagwa usiku. Mkazi wake anakwera nawo, koma anatsikira pagolosale ya pakona kuti akagulire bambo ake buledi ndi shuga.

Mawaya a magetsi Pepani anawaona. Izi tizinene poyera, chifukwa pambuyo pake aliyense ankamufunsa ngati analibe maso. Sanali mawaya ang'onoang'ono olowa m'nyumba aja ayi, anali akuluakulu, odutsa pamwamba pa geti kulowera ku mafakitale. Pepani anatsika, anayang'ana kumwamba, anayeza ndi maso, kenako analowa chambuyo mpaka tipa yonse inapitirira mawayawo n'kuima pabwalo, mphuno yake itayang'ana kugeti. Anachita zonse zimene dalaivala wosamala amachita.

Apongozi anatuluka atavala chipewa chawo chachikulu, atachikokera mpaka pansidze.

"Mwafika, akamwini."

"Ndafika, Bambo."

Apongozi analoza pamene mchenga uyenera kutsikira, n'kubwerera kuseri kwa nyumba.

Pepani anakwera, anakoka chitsulo chokwezera bodi, bodi n'kuyamba kudzuka pang'onopang'ono mpaka inaima njo, kutalika kuposa denga la nyumba. Mchenga wambiri unatsetsereka. Wina unakana. Mchenga wonyowa uli ndi makani, umamatirira m'makona a kumwamba ngati ukulipira lendi.

Dalaivala aliyense wa tipa amadziwa mankhwala ake. Amalowetsa giya, amaigwedeza tipa kutsogolo pang'ono bodi ili m'mwamba, kenako amaponda buleki mwadzidzidzi. Mchenga umadzidzimuka n'kugwa. Palibe sukulu imene imaphunzitsa zimenezi, ndipo mutu sufunsidwa n'komwe, amachita ndi mapazi okha. Mapazi a Pepani anachita zimene ankachita tsiku lililonse. Tipa inagwedezeka, mchenga wina unagwa. Anabwereza. Maso ake anali pagalasi loonera kumbuyo, kuti muluwo ukhale wooneka bwino apongozi akabwera kudzauona. Anabwerezanso.

Kunamveka kuti phwaa, ndipo kuwala kwabuluu kunadzaza bwalo lonse dzuwa likuswa mtengo. Injini inazima. Pamwamba pa mutu wake panayamba kulira kanthu ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini.

Dzanja lake linali litafika kale pachogwirira cha chitseko pamene mutu unabwerera pantchito. Tsiku lina, kale ndithu, bambo wina wa kumagetsi anabwera kuntchito kwawo kudzalankhula ndi madalaivala. Kunali kotentha, anthu atangodya kumene, ndipo onse anawodzera mmodzimmodzi. Pepani yekha ndiye anatong'ola maso mpaka kumapeto, osati chifukwa choikonda nkhaniyo, koma ankaopa kuchititsa mlendo manyazi. Tsopano mawu a bambo uja anabwera okha. Lole ikagunda waya, chitsulo chake chonse chimakhala ndi moto. Wam'kati ali bwino bola asatsike. Amene amafa ndi wokhudza lole mapazi ali pansi, ndipo ngakhale nthaka yoyandikana nayo imaluma. Waya ukakhala chete usaukhulupirire.

Anabweza dzanja lija n'kuliika pantchafu. Anayesa kiyi kuti mwina abwerere m'mbuyo, koma injini inangoti tcheke, basi. Anatulutsa foni n'kuimbira a magetsi.

"Pali wavulala?" anafunsa mayi amene anayankha.

"Pakadali pano ayi, mayi. Pepani pokuvutitsani Loweruka."

"Musatsike. Wina aliyense asayandikire. Tikuuza anthu athu azimitse."

Anawathokoza kwambiri. Akuika foni m'thumba, anaona apongozi akutulukira kuseri kwa nyumba, fosholo ili paphewa.

Fosholo imeneyo Pepani ankaidziwa. Mipini yamtengo inkathyoka kawirikawiri, choncho apongozi anaiwotchereretsa mpini wapaipi, n'kukhala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kumchira. Akuluwo anali ataona kuti mchenga wakanirira m'bodi, ndipo ankabwera kudzathandiza mkamwini wawo kuupala. Phokoso lija sanalimve. Kumwamba sankayang'anako, chifukwa khosi lawo linasiya kale ntchito imeneyo, komanso chipewa chinali chitatseka zonse. Ankadula bwalo mosafulumira, kulunjika kumbuyo kwa tipa.

Pepani anatulutsa mutu pawindo.

"Bambo," anatero, ndi mawu a munthu wopempha mchere. "Bambo, pepani, taimani kaye pomwepo."

Apongozi ankabwerabe.

Anakanikiza huta. Inalira mofooka, koma inalira ndithu. Apongozi anaimva chapatali, anakweza dzanja laulere.

"Ndaona, akamwini. Ndikubwera."

Pamenepo Pepani anakuwa. Mawu amene anatuluka sanawadziwe n'komwe kuti anali nawo. Anayamba aakulu n'kuthyokera pakati ngati a tambala wophunzira kulira. Galu wa nyumba yoyandikana anauwa. Mayi amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda anatembenuka. Apongozi okha ndiwo sanamve kanthu.

Pepani anayang'ana m'kati kufuna choponya. Anaponya kansanza kopukutira galasi, kanagwera pansi pompo. Botolo lamadzi lopanda kanthu linafika pafupi ndi mapazi a akuluwo. Iwo anaima, analiyang'ana, anawerama n'kulitola, analiimika bwinobwino pambali chifukwa sankakonda zinyalala pabwalo pawo, kenako anapitiriza ulendo. Anali atatsitsa fosholo paphewa, ataigwira ndi manja awiri kukonzekera ntchito. Pansi pa mpando panali sipanala yomasulira matayala. Pepani anaigwira, anamva kulemera kwake, n'kuibweza. Kupulumutsa munthu pomuphwanya mutu kunalibe phindu.

Anawerama n'kuvula jombo ya kumanja, ya chitsulo kuzala ija imene abwana ankawakakamiza kuvala. Sanapemphere, nthawi analibe. Anaiponya ndi mphamvu zonse.

Inawapeza pakamwa. Fosholo inagwa uko, apongozi n'kukhala pansi pamatope, miyendo tambalale.

Pepani anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mtima unatsika chifukwa akuluwo anaima. Ndipo anamva manyazi oti akanatha kulowa pansi pa mpando n'kukhala momwemo mpaka kukalamba.

Kumpanda wa m'mbali kunali kutadzaza kale mitu. Anthu anabwera chifukwa cha phokoso lija, koma anapeza nkhani yokoma kuposa imene anaitsatira.

"Wawagenda ndi nsapato apongozi ake," anatero mayi wa zovala uja.

"Si uja amapereka moni ndi kwa ana omwe?"

"Yemweyo. Anthu ofatsawa muziwaopa."

"Musalowe," anakuwa Pepani. "Pali magetsi, musalowe."

"Walawa kale m'mawa uno," anatero wina mwachisoni.

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono. Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, anayang'ana magazi, anayang'ana jombo, kenako anayang'ana Pepani. Kanali koyamba kuti amuyang'ane m'maso kwa nthawi yaitali chotero, ndipo si mmene Pepani ankalotera kuti zidzakhalira. Fosholo anaisiya pomwe inagwera. Anakonza chipewa, n'kuyamba kuyenda kulunjika kuchitseko cha dalaivala, dzanja atalitambasula kale kuti akagwire chogwirira.

"Tsikani, akamwini," anatero, osakwiya n'komwe. "Tsikani tikambirane."

Pepani analoza kumwamba ndi manja onse awiri. Apongozi anaona ngati akulumbira. Anapukusa mutu n'kumabwerabe.

Jombo ya kumanzere inavuta kuvula, chifukwa chingwe chinamangika mfundo. Anaikoka mpaka inatuluka. Pamene ankadzutsa mutu, nkhope ya apongozi inali pafupi moti ankatha kuona mlomo ukutupa. Anaponya. Akuluwo anawerama, jombo inadutsa paphewa n'kukagwera mumgolo wa madzi omangira, kuti chubwi.

Kuwerama kumeneko kunawachedwetsa pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo mkazi wa Pepani analowera pakageti ka m'mbali, buledi ali m'manja. Anapeza bambo ake akutuluka magazi pakamwa, mwamuna wake ali pawindo la tipa maso ali psu.

"Abambo ake, mwapenga?" anafunsa mwamuna wake.

"Yang'anani kumwamba! Agwireni!" anakuwa Pepani.

Mayiyo anali wamutu wachangu kuposa onse pabanjapo. Anayang'ana kamodzi kokha. Buledi anagwa. Anathamanga n'kugwira lamba wa bambo ake chakumbuyo, anakoka, onse awiri n'kugwera chagada. Sanawasiye. Anawakwekweza chokhala mpaka pafupi ndi khonde, akuluwo akudandaula kuti lero banja lonse lawaukira. Kenako anawavula chipewa, anagwira chibwano chawo n'kuchikweza.

Apongozi anaona waya utagona pamlomo wa bodi, ukuthetheka timoto tabuluu. Anatsitsa maso kutsata chitsulo mpaka pachitseko chimene ankafuna kugwira. Anayang'ana fosholo yawo pamatope. Mitu ya kumpanda nayo inali itayang'ana kumwamba, ndipo inayamba kubwerera m'mbuyo mwaulemu.

Pepani akanakonda nkhani ikanathera pamenepo, iye n'kukhala pampando kudikira a magetsi. Koma mphuno yake inamva fungo la labala wopsa. Pagalasi anaona utsi wakuda ukutuluka kumatayala a kumbuyo, ndipo posakhalitsa m'utsimo munaoneka lawi, kufupi ndi thanki ya dizilo.

Bambo wa kumagetsi uja anali atanenanso za zimenezi, chakumapeto, pamene mkonono unali utafika pachimake. Moto ukabuka, tuluka, koma usatsike ndi masitepe. Dumpha, osakhudza lole ndi nthaka nthawi imodzi. Ukafike pansi mapazi ali pamodzi, usagwe, usathamange, uziyenda mokwekweza mapazi osawalekanitsa. Chimene bamboyo sananene n'chakuti munthu atani ngati nsapato zake wagendera apongozi.

Pepani anayang'ana mapazi ake. Anali m'masokosi, ndipo ya kumanja inali yobooka, chala chachikulu chili panja kuonerera. Pansi panali ponyowa.

Anatsegula chitseko, anachikankhira kutali, n'kuima pakhomo atapinda manja pachifuwa. Kuchokera pamenepo nthaka inkaoneka kutali kuposa masiku onse. Anachita mantha, mantha enieni. Anaganiza za ana ake, amene anawasiya akukangana za supuni. Utsi unayamba kulowa m'maso.

"Dumphani, abambo ake," anatero mkazi wake chapansipansi, manja ake asanachoke palamba wa bambo ake. "Ndikukuonani. Dumphani."

Anadumpha.

Anafika pansi mapazi ali pamodzi. Thupi linapendekera kutsogolo, linapendekera kumbuyo kumene kunali tipa, anthu kumpanda n'kukoka mpweya onse pamodzi. Linaima. M'miyendo munayenda tinthu tobayabaya ngati mwendo wachita dzanzi. Anayamba kukwekweza mapazi, ili pang'ono, ili pang'ono, chidendene osapitirira chala. Apongozi anafuna kudzuka kuti akamugwire dzanja, mwana wawo n'kuwakhazika pansi ndi mphamvu imene sanaiphunzire kwa iwo.

Bwalo limenelo ndi laling'ono, munthu amalidula asanamalize kupereka moni. Tsiku limenelo Pepani analiyenda ngati akupita kumudzi wapansi. Matope analowa m'masokosi. Atafika pakhonde anakhala pansi pasimenti. Mkazi wake anamugwira mutu n'kuukanikiza pamimba pake, akulira mopanda phokoso, kwinaku akumuuza kuti ndi chitsiru.

Njuchi zija zinasiya kulira. Patapita kanthawi galimoto ya a magetsi inafika, ndipo wamkulu wawo anati azimitsa mzere wonse, tsopano anthu angathe kuyandikira. Amuna a m'nyumba zoyandikana anathamangira kuzimitsa matayala. Anagwiritsa ntchito mchenga womwe uja ndi fosholo yomwe ija, moti theka la mulu umene Pepani ankafuna kuti uoneke bwino linathera pansi pa tipa, lakuda bii.

Wamkulu wa a magetsi anabwera pakhonde, anayang'ana masokosi, anayang'ana mwini wake.

"Mawayawa simunawaone, adalaivala?"

"Ndinawaona, bwana."

"Onse amatero," anatero bamboyo, n'kupita kukaona anyamata ake.

Foni inalira m'thumba. Anali abwana ake. Pepani anaisiya ilire. Za ntchito ankadziwa kuti zivuta, koma sizinali zimene zinkamudya. Ankafunafuna mawu oti akanene kwa apongozi. Munthu amayamba bwanji? Ndipo mawuwo, akawapeza, ayenera kuwanena mokuwa, anthu onsewa akumva. Anayang'ana pamene akuluwo anakhala, koma panalibe munthu. Mtima unamugwa. Anaganiza kuti alowa m'nyumba, ndipo mwina kuyambira lero ngakhale "mwafika" uja watha.

Kenako anawaona akuchokera kumgolo wa madzi, mkono wa malaya utanyowa mpaka paphewa. M'dzanja lililonse munali jombo, ina ikudontha. Mlomo wawo unali utatupa ngati walumidwa ndi mavu. Anafika pakhonde n'kuima patsogolo pake. Pepani anayesa kudzuka, koma akuluwo anamukanikiza paphewa kuti akhale.

Apongozi anagwada. Zinawatengera nthawi, bondo limodzi kaye, kenako linzake, mafupa akulira. Anakhuthula madzi m'jombo yonyowa ija. Anagwira phazi la mkamwini wawo, anapukuta matope ndi chikhatho, n'kuliveka. Anaveka linzake.

Pomanga zingwe m'pamene panavuta. Zala za apongozi, zimene zinagwira matabwa pafupi ndi mano a makina moyo wawo wonse osataya ngakhale chikhadabo, lero zinalephera kugwira chingwe, chinkangopulumuka. Anayesa, chinapulumuka. Anayesanso. Analankhula osadzutsa mutu, mokweza monga amachitira anthu osamva, moti ndi kumpanda komwe anamva.

"Yachiwiriyi munaphonya, akamwini."

Zingwe anazisiya zosamanga. Anagwira phazi lija ndi manja onse awiri, mutu uli pansi, mapewa akugwedezeka, ndipo sanalisiye kwa nthawi yaitali.